Mpweya Woipa Wosanunkha

"Ndakufunsani funso limodzi, bambo a ana. Kachitini kaja kali kuti?"

Amuna anga anali akuvula majombo pakhomo, simenti itawaumira m'zikhadabo. Sanandiyang'ane.

"Kachitini kanji?"

"Musandiyese mwana. Kakuda kaja, kamene anatisiyira mayi wa zaumoyo Lolemba. Ndinakaika ndekha pamwamba pa kabati. Taonani, fumbi lachita kujambula pamene kanakhala. Kamera miyendo?"

"Mwina ana."

"Ana afika bwanji pamwamba pa kabati? Wamkuluyo ngakhale atakwera pampando sangafikepo. Tanenani."

Anakanda m'mutu, n'kuyamba kufunafuna sopo amene anali m'manja mwawo momwemo.

"Achimwene anakatenga. Akuti akasunge bwino."

"Akasunge kuti?"

"Padenga."

Ndinasiya kupalasa makina osokera. Diresi la mwiniwake linali pakati pa msoko, koma ndinaona kuti ndikapitiriza ndisoka chala.

Tinkakhala pansi pa nyumba ya alamu anga, akulu awo a amuna anga. Nyumbayo inamangidwa pamtsetse wa miyala, ndipo zipinda zitatu zapansi zinalowa m'nthaka mpaka m'chiuno. Kawindo ndi kamodzi, kakang'ono, kam'mwamba, moti ukasuzumira umaona nsapato za anthu odutsa. Eni ake amakhala pamwamba. Msewu wonse umawatcha a Makiyi, chifukwa amayenda ndi mulu wa makiyi m'chiuno, ndipo palibe chitseko m'nyumbamo chimene sangatsekule. Ife chathu chinali cha kumapeto. Ndimo ndinkasokera, ndimo tinkagona anthu asanu.

Mayi wa zaumoyo uja ankayenda khomo ndi khomo ndi chikwama cha timachitini. Anatifotokozera bwinobwino. Anati m'miyala ndi m'nthaka mumatuluka mpweya wotchedwa radoni. Suoneka, sununkha. Umalowera m'ming'alu ya pansi n'kudzadzana m'chipinda chimene mphepo siyenda. Munthu ukaupuma zaka ndi zaka, umatha kukuyambitsa khansa ya m'mapapo. Si nyumba iliyonse imene imakhala nawo wambiri, ndipo njira yodziwira ndi imodzi basi, kuyeza. Kachitiniko kakhale masiku asanu ndi awiri m'chipinda chogona, kutali ndi windo ndi chitseko, osakasuntha. Ananena katatu konse: osakasuntha.

"Ndiye padengapo akuyeza chiyani?" ndinafunsa. "Mpweya wa akhwangwala?"

"Tsitsani mawu, mayi a ana. Akumva pamwambapo."

"Amve. Makutu anawapatsira zomwezo."

"Nyumba ya mwini saotchera mbewa. Mwaiwala kuti tinabwera muno tilibe ngakhale mphasa? Ntchito imene ndikugwirayi anandipezera ndani?"

"Sindinaiwale. Mungandiiwalitse bwanji, mukundikumbutsa tsiku ndi tsiku ngati pemphero? Koma taonani pansipa."

Ndinakoka mkeka. Mng'alu unachokera pakona mpaka pansi pa bedi, wotakata moti singano zanga zikagweramo sindizipezanso. Pomwepo ndi pamene pamagona ana atatu, mphuno zili pasimenti.

Anayang'ana mng'aluwo kamodzi n'kutembenuka. Amuna anga ndi mmisiri womanga nyumba. Mng'alu akauona kwa eni ake amautukwana mpaka kutchula amene anasakaniza matope. Uwu anangoudumpha n'kupita kukasamba.

M'mawa mwake ndinakwera masitepe. Ndinawapeza alamu atakhala pakhonde, akupukuta nsapato zawo, makiyi ali pamwendo.

"Mlamu! Lero mwatikumbuka. Makina afa?"

"Ndabwerera kachitini kanga, alamu."

"Kanu? Nyumba yanga, kachitini kanu?" Anaseka, mimba ikugwedezeka. "Paja akuti mukuyeza chiyani?"

"Mpweya woipa."

"Mpweya woipa! Mlamu, anthu asanu m'chipinda chimodzi, mpweya woipa ungalephere? Zimenezo n'zofuna chitini? Chepetsani nyemba. Mng'ono wangayo ndinkagona naye mphasa imodzi tili ana, ndimamudziwa."

Akazi awo anaseka m'kati, mbale zikugundana.

"Uwu sununkha, alamu."

"Ndiye ngati sununkha vuto lili pati?"

"Tsoka silinunkha."

Kuseka kunatha. Anaika nsapato pansi n'kundiyang'ana monga amayang'anira munthu amene wataya madzi pamasitepe.

"Tamverani. Anthu amenewa ntchito yawo ndi kulemba mapepala. Akalemba kuti nyumba ya a Makiyi ili ndi matenda, iwo akwera njinga yamoto n'kumapita. Wotsala ndi mbiri ndine. Ndani adzafunenso kuchita lendi pansipo? Timachitini tonse titatu tili pabwino. Tsiku lake likakwana mukapeza pakabati panu pomwepo. Ndipo mlamu, pakamwa ndi pabwino kudyera."

Ndiye kuti anatenganso ka mayi a mapasa, a chipinda chapakati, ndi ka mlonda wa chipinda choyamba, amene amagona usana wonse chitseko chotseka.

Pano ndinene zoona, ngakhale zikundichititsa manyazi. Lolemba lotsatira kachitini kanabwerera pakabati, kofunda ndi dzuwa. Mayi wa zaumoyo atabwera kudzatenga anandifunsa kuti, "Sikanasunthe?" Alamu anali ataima pakhomo, akuseweretsa makiyi. Amuna anga anali atandipempha ndi maso kuyambira m'mawa. Ndinayang'ana makina anga n'kunena kuti, "Ayi." Khoswe akakhala pamkhate sapheka.

Patatha masabata awiri pepala linabwera. Zipinda zonse zitatu, mpweya uli bwino. Alamu anagula felemu, n'kukhomera pepalalo polowera zipinda zapansi ngati chithunzi cha ukwati.

"Mwaona?" anatero amuna anga. "Nkhani yatha."

"Yatha kwa denga. Denga lapambana mayeso."

Sabata imeneyo wachitsiriziro wathu ankatsokomola. Ndikamuyalira pamng'alu paja, mtima unkandiluma. Ndinayesa kumata ndi zigamba ndi sopo, nyerere zinatulukirabe. Ndinati ngati nyerere ikudutsa, nanji mpweya?

Lachitatu ndinapinda mayunifolomu awiri ngati ndikukapereka kwa eni ake, n'kupita ku ofesi ya zaumoyo. Ndinadikira pabenchi mpaka matako kufa. Atandiitana sindinazungulire.

"Mayi, ndinakunamizani. Kachitini kaja kanagona padenga."

Anavula magalasi. Sanakalipe, ndipo zimenezo zinandipweteka kuposa kukalipa.

"Ndinadabwa," anatero. "Zipinda zitatu zolowa m'nthaka, manambala ofanana, otsika ngati a pabwalo la mpira. Koma ine ndimalemba zimene chitini chanena ndi zimene mwini chipinda wanena."

"Mwana wanga akutsokomola. Ndi zomwezi?"

"Ayi. Chifuwa chimenecho mupite naye akamupime, n'china. Radoni satsokomoletsa lero. Amadikira. Ana anuwo akhoza kukula, kukwatira, n'kudzadwala ali ndi ana awoawo, osadziwa kuti zinayambira pamkeka. Ndi chifukwa chake anthu amauseka."

"Ndipatseni kena."

Anatsekula kabati n'kundipatsa. Ndikutuluka, ndinakayang'anitsitsa padzuwa. Kakuda, kozungulira, kaphanthiphanthi, kapepala koyera pamwamba. Ndinaima pamsewu n'kuseka ndekha ngati wamisala, chifukwa ndinakumbukira alamu pakhonde paja ndi nsapato zawo. Ndinalowa m'golosale n'kugula polishi wakuda.

Kunyumba ndinapala zolemba za pachitini cha polishi ndi lumo, ndinamatapo kapepala koyera, ndinalembapo manambala a m'mutu mwanga, n'kuchiika pamwamba pa kabati, poonekera. Kenaka ndinadula kachidutswa ka neti yakale, ndinasoka kathumba, ndinaikamo kachitini kenikeni, n'kukapachika pawaya wa zovala za makasitomala, pakati pa madiresi awiri, pamene mpweya umadutsa koma diso silifika. Mwamuna sagwira madiresi a eni ake. Zimenezo ndinkadziwa.

Ndinagogoda kwa mayi a mapasa, ndinawanong'oneza za kathumba kaja, kuti nawonso akatenge kachitini kena.

"Anzanga, ine ayi," anatero akuyamwitsa mmodzi, wina ali kumsana. "Inu ndi achibale, akakukalipirani mawa mudyera limodzi. Ine akandithamangitsa ndipita kuti ndi awiriwa?"

Sindinawaweruze. Inenso ndinali nditanena "ayi" wanga.

Madzulo amuna anga ataona chitini pakabati anaima ngati aona njoka.

"Ichinso n'chiyani?"

"Akuti tibwereze. Masiku asanu ndi awiri. Ndikukupemphani chinthu chimodzi, bambo a ana. Musakanene pamwamba."

"Ine ndikanene chifukwa chiyani?"

"Ndangopempha."

Sabata imeneyo ndinayeza zinthu ziwiri, mpweya ndi mwamuna. Za mwamuna zotsatira sizinachedwe. Mawa lake ndinapita kumsika kukagula ulusi ndi mazipi, ndipo pobwera ndinapeza pakabati pali bwalo la fumbi lokha. Sindinafunse. Ndinawaikira madzi osamba, ndinawapatsa chakudya, iwo anadya akuyang'ana khoma. Anthu awiri tinagona bedi limodzi sabata yathunthu, aliyense atafungatira bodza lake.

Tsiku lachisanu ndi chiwiri polishi anabwerera pakabati, atasungunuka n'kudontha m'mbali. Ndinamuika m'thumba la epuloni. Kenikeni kaja ndinakatsekera m'chikwama chake monga anandilangizira, n'kukapereka ndekha.

Mayi wa zaumoyo anabwera Loweruka masana, patatha masabata ena awiri. Anthu onse anali pabwalo. Mayi a mapasa ankachapa matewera, mlonda ankawothera dzuwa, amuna anga ankakonza wilibala. Alamu atamva njinga yamoto anatsika masitepe akumwetulira.

"Takulandirani, adona! Mwabweretsa pepala lina loti tiike m'felemu?"

"Ndabweretsa la chipinda cha kumapeto," anatero mayiyo. "Mpweyawo wapitirira kanayi mlingo umene timalangiza kuti nyumba ikonzedwe. Muno mukugona ana. Pafunika kuchitapo kanthu."

"Bodza!" Makiyi analira m'chiuno. "Makina anuwo ndi akufa. Zingatheke bwanji, chitinicho chinali pa..."

Anadziluma lilime.

"Chinali pati, alamu?" ndinafunsa.

"Pakabati. Chinali pakabati."

Ndinatulutsa chitini m'epuloni, ndinachitsekula, n'kuchiika pawilibala. Fungo la polishi linamveka mpaka pamene panali mlonda.

"Ichi ndi chimene mwakhala mukukwera nacho padenga, munthu wamkulu, ndi mawondo anu odwalawo. Sabata yathunthu mukuyanika polishi. Uyu ndiye amanunkha, alamu, bwanji simunamumve?"

Mlonda anaseka mpaka chipewa kugwa. Mayi a mapasa anabisa nkhope m'thewera. Amuna anga sanaseke. Anayang'ana polishiyo, anayang'ana ine, ndipo ndinaona kuti amvetsa kuti sindinatchere akulu awo okha.

"Mfiti ya mkazi!" anakuwa alamu. "Iwe, ukungoyang'ana? Mkazi wako akundivula pamaso pa alendi anga!"

"Bambo," analowererapo mayi wa zaumoyo, "sindinabwere kudzaweruza milandu ya pabanja. Nyumba yanu sinalakwe, ndi miyala imene ili pansiyi. Ndipo zimakonzeka. Mumata ming'alu yonse. Mumaboola pansi pakona, mumalowetsa paipi mpaka pansi pa simenti, mumaikweza pakhoma kunja mpaka ipitirire denga, n'kuikapo kafani kakang'ono kokoka mpweyawo usanalowe m'chipinda. Mukatha timayezanso. Pakadali pano windo lizikhala lotsekula, koma windo lokha silithetsa."

"Paipi pakhoma langa? Yoonekera kumsewu? Kuti aliyense wodutsa azifunsa kuti kwa a Makiyi kwagwanji?"

"Achimwene." Amuna anga anaimirira, sipanala ili m'manja. "Ntchito imeneyo ndi ya masiku awiri. Ndigwira ndekha, zipinda zonse zitatu. Paipi ndipempha zotsala kuntchito."

"Ndakufunsa?"

"Pansi pamenepa ndinathira ndine. Mukukumbuka? Munati thumba limodzi la simenti likwane pamene pankafunika atatu. Ndinakuuzani kuti padzang'aluka. Munati pogona alendi sipafuna ulemu. Sindinkadziwa kuti mlendiyo ndidzakhala ine."

Ndinawayang'ana amuna anga. Zaka zinayi ndikutukwana mmisiri wa mng'alu umenewo, ndikugona naye bedi limodzi.

"Chibale ndi fupa," anatero alamu, atatsitsa mawu. "Sichiola. Ukufuna kuchiswa chifukwa cha mpweya umene sunauonepo?"

"Sindikuswa chibale, achimwene. Ndikufuna kuswa simenti."

Mayi wa zaumoyo anati alemba lipoti, koma sanatinamize. Anati ofesi yawo imalangiza, ndipo kuti nkhani ifike kwa amene angakakamize mwini nyumba pamatenga miyezi. Anasiya timachitini tiwiri. Mlonda anatenga. Mayi a mapasa anayang'ana pamwamba, kenaka anapukuta manja n'kutenga.

Lolemba m'mawa amuna anga sanapite kuntchito. Tinatulutsa bedi ndi makina pabwalo, iwo anagwada pakona ndi hamala ndi tchizulo. Atamenya kasanu, makiyi analira pakhomo.

"Siya."

Anamenyanso.

"Ndati siya! Nyumba ino ndi yanga. Ukaboola pamenepo, undipatse kiyi wanga lero lomwe."

Hamala inaima m'mwamba. Ine ndinali pakhomo ndi wachitsiriziro kumsana. Ndinali nditalankhula mokwanira mwezi wonse. Amuna anga anayang'ana akulu awo nthawi yaitali, munthu amene anawalera bambo awo atamwalira, amene anawagulira hamala yomweyo.

"Achimwene, ndiloleni ndiike paipi. Ndiipaka penti yofanana ndi khoma."

"Ayi."

"Ndiikweza kuseri, kosaonekera kumsewu."

"Kuseri kuli windo la kuchipinda kwanga. Ukufuna mpweya wakowo uzindilowera ine?"

Pamenepo ndiye ndinalephera kudzigwira.

"Ha! Ndiye mukuudziwa, alamu! Ukamalowa m'mphuno mwa ana anga ndi nthano za anthu a mapepala, ukayandikira windo lanu ndi mpweya weniweni!"

Amuna anga anaika hamala pansi, anapisa m'thumba, anatulutsa kiyi n'kuwapatsa m'manja. Osaponya, osatukwana. Anawapatsa ndi manja awiri, monga mwana wolemekeza.

"Tipatseni mpaka Loweruka."

Tinapeza chipinda kuseri kwa galaja ina, cha malata, chotentha masana ngati uvuni, phokoso la mahamala tsiku lonse. Makasitomala anga theka sakudziwako. Ntchito ya amuna anga, poti anawapezera ndi akulu awo, sitikudziwa ngati ifika mwezi wamawa. Ndisanalowetse mphasa ndinagwada n'kuyang'ana pansi ponse, ndipo mayi wa zaumoyo wandilonjeza kachitini kena. Sindikhulupiriranso chipinda ndi maso.

Loweruka tikukweza katundu pangolo, mayi a mapasa anandikokera pambali. "Anzanga, mundisokereko kathumba kaja." Ndinali nditasoka kale tiwiri. Kena ndinampatsa mlonda.

Makina osokera ndiwo anali omaliza kutuluka. Ndikumanga lamba wake, ndinamva makiyi, ndi mawu a alamu okoma ngati uchi. Anali ndi anthu awiri, mnyamata wa tayi ndi mkazi wake, kamtsikana kakang'ono, mimba ili kutsogolo. Pakona paja anali atamatapo kale simenti yatsopano n'kuikapo ndowa, mng'alu uja atauphimba ndi mkeka.

"Chipinda chozizira bwino, mayi, ngakhale dzuwa liswe mtengo. Ndipo taonani apa." Analoza felemu ija. "Choyezedwa ndi a zaumoyo. Nyumba zina zonse mumsewu muno zilibe pepala limeneli."

Kamtsikanako kanawerenga, kanamwetulira, kanagwira pamimba.

Amuna anga anandigwira mkono. "Tiyeni, mayi a ana. Zatikwana."

Ndinawachotsa dzanja. Ndinatsekula kabokosi ka makina momwe ndimasungira singano, ndinatulutsa pepala lachiwiri lija, limene mayi wa zaumoyo anandisiyira, n'kupita kwa mtsikanayo.

"Mwanawe, umadziwa kuwerenga, ndakuona. Ilo lapakhomalo ndi la denga. Ngati mukufuna kukagona padenga, lili bwino. La chipinda chino ndi ili."

"Mlamu!" anabangula alamu.

"Werenga pang'onopang'ono. Pansipo pali nambala ya foni ya mayi amene anayeza. Ukatha usunthe ndowa iyo, ukwezenso mkeka."

Mnyamata wa tayi anatenga pepalalo m'manja mwa mkazi wake. Anawerenga, anayang'ana felemu, anayang'ana alamu, kenaka anapita pakona n'kukankha ndowa ndi phazi.

Ndinapisa m'epuloni komaliza. Polishi uja, amene ndinamutolanso pawilibala tsiku lija, anali adakalimo. Ndinamuika pasitepe, pafupi ndi mapazi a alamu.

"Uyu ndi wanu, alamu. Mwamuvutikira."

Amuna anga anali atanyamula kale makina mbali imodzi. Ndinagwira mbali inayo, tinakweza pangolo, ana atatu atakhala pamwamba pa matiresi, mphepo ikuwawomba kumaso.